Kuseri kwa Nsalu

Zaka zisanu ndi zinayi manja awa ankamenya chitseko cha minibasi,
Kulima Tower, Kabulonga, Mtendere,
ankapinda ndalama zamapepala pakati pa zala,
ankadziwa chenje osayang'ana.
Basi itagulitsidwa anangokhala pamaondo
ngati alendo osowa pogona.

Lachiwiri lina mlongo wanga anandikoka dzanja
mpaka kukachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ku Kalingalinga,
kumene azimayi khumi ndi mmodzi amapeta nsalu.
Kupeta kumene ine ndinkadziwa n'kwa lichero,
kwa mphale ndi gaga.
Anaseka. Namakau anaseka mpaka kutsokomola.
Amayi Tikambenji sanaseke.
Anandipatsa mkombero, singano
ndi chigamba cha thumba la ufa chochapa bwino,
anati: Lowetsa ulusi.

Ulusi unakana bowo kasanu ndi kawiri.
Ndinaunyambita, ndinaupota, ndinautukwana chamumtima.
Ine amene ndinkalowetsa anthu anayi pampando wa atatu,
kulephera kaulusi kamodzi.

Mwezi woyamba unali wa mizere yokhayokha.
Msoko wothamanga, msoko wobwerera m'mbuyo,
msoko wa unyolo, wogwirana ngati magalimoto
pa Great East nthawi yoweruka.
Chala cha mkombaphala chinabooka ngati sefa.
Kadontho ka magazi katagwera pansalu yoyera
Bana Kangwa anati: Usachape, tipetapo duwa.

Ndiye linafika tsiku limene ndinamaliza mpendadzuwa wanga.
Ndinaunyamula ngati chikho cha mpira.
Amayi Tikambenji sanauyang'ane n'komwe.
Anatembenuza nsalu.
Kuseri kunali chisa cha khoswe:
mfundo, michira, ulusi wodumpha uku n'kukatera uko
ngati mawaya a magetsi olumikiza mwakuba.
Kumaso n'kwa wogula, anatero, kuseri n'kwako.
Masula.
Ntchito ya masiku atatu inatha tiyi asanazizire.
Ndinatuluka, ndinakaima pansi pa jakaranda
kuyang'ana mabasi akudutsa,
kondakitala wina akuitana ndi mawu anga akale.
Ndinabwerera chifukwa ndinali nditaiwala chipewa.

Kenako anatiphunzitsa kujambula tisanasoke.
Pensulo, pepala lopyapyala pawindo,
kuyeza ndi chala kuti chithunzi chipume,
kusiya malo opanda kanthu,
poti malowo, amatero Namakau, ndiwo amakongoletsa.
Iye amajambula nsomba za kwawo ku Mongu,
Bana Kangwa mbalame zokhala ziwiriziwiri,
mlongo wanga maluwa amene sanamerepo kulikonse.
Langa pepala linakhala loyera masabata awiri.
Jambula chimene umadziwa, anatero amayi aja osaweramuka.

Ndinajambula msewu.
Maloboti, mayi wa chimanga chootcha pasiteji,
dzenje lija la pakona limene linatidyera masipulingi,
ndi basi, chitseko chili pululu,
kamunthu kakulendewera ndi dzanja limodzi.

Ulusi wabuluu ndinagula ku Kamwala, timitolo tiwiri.
Unatha ndisanafike kumatayala akumbuyo.
Magetsi anali atathima, tinkasokera pakhonde.
Namakau anafufuza m'chitini chake cha mabisiketi,
anapeza wobiriwira, wotsala pa ndere za nsomba zake.
Basi yanga tsono ili ndi mitundu iwiri
ngati yangochoka kumene kwa owotcherera ku Garden.

Dzulo Amayi Tikambenji anaitenga,
anaitembenuza,
anayendetsa chala kuseri, pang'onopang'ono,
kuchokera ku Kulima Tower mpaka ku Mtendere.
Chalacho chinaima pa mfundo imodzi, pafupi ndi dzenje lija.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Ndinayamba kale kufuna sizasi.
Iwo anabweza nsalu kumaso, anati:
Nanga okwera ali kuti?
Mawindo onsewa opanda nkhope?

Usiku uno, pa kandulo, ndikusoka mitu,
kamfundo kamodzi munthu mmodzi,
anayi pampando wa atatu.